Chidziwitso kwa Makasitomala Onse a Kampani ya Nthunzi ya Pakhonde

Pa zinthu zonse zimene munthu wa zaka zanga waphunzira kupirira pansi pano, monga nyamakazi ya m'mawondo, mvula yodula pamene chimanga chikumasula, ndi alamu ofika kudzacheza pa nthawi yeniyeni imene nsima ikuomoledwa, palibe chimene chandilaka koposa kachidziwitso kaja kamene amatiwerengera pa wailesi magetsi atazima kale, kotipepesa ife makasitomala okondedwa chifukwa cha zovuta zina zimene iwo sakadatha kuzipewa. Mdima wokha ndikadaupirira, pakuti ndidabadwira momwemo ndipo zilembo ndidaziphunzirira pa koloboyi. Koma kupepesedwa mwaulemu chotero, katatu pa sabata, ndi anthu amene angokweza kumene mtengo, pamene kandulo amene dzana tinkagula ndi tchenji cha mchere lero afuna msonkhano wa banja asanayatsidwe, ndiko kudandifikitsa polumbira pamaso pa mayi a kunyumba kuti ine, mwana wa mfulu, ndidzadzipangira ndekha mphamvu zanga.

Lumbiro limeneli ndidalibwereza pa foni kwa mwana wa mlongo wanga amene akhala ku Birmingham, ndili ndi chiyembekezo chamseri chakuti mwanayo, pokumbukira amene adamulipirira sukulu, atumiza sola kapena jenereta. Itatha miyezi iwiri kudafika bokosi losaposa la nsapato, limene ndidaliombola ndi msonkho wokwanira kugula mbuzi yaing'ono, ndipo m'kati mwake mudali timatumba ta zitsulo, kamphika ka mkuwa kotalika ngati chitsononkho, kagudumu kofiira, kabotolo ka oyilo, ndi kalata yakuti: "Atsibweni, poti mwapuma ntchito ndipo mufuna mphamvu zanuzanu, nayi injini ya nthunzi, mulumikize nokha." Mwanayo adaonjeza kuti mumzinda umene akhalawo ndimo James Watt ndi mnzake Matthew Boulton ankapangira mainjini awo, ndiponso ndimo mudayambira kampani ya Mamod yopanga timainjini totere toseweretsa. Walira mvula walira matope. Ndidavala jekete, ndidaitana a m'nyumba onse, ndipo ndidalengeza kuti Kampani ya Nthunzi ya Pakhonde yatsegulidwa, ine ndine mkulu wake ndi mneneri wake yemwe, mdzukulu wanga wamkazi wa Sitandade 6 ndiye mtengazida, ndipo mayi a kunyumba ndiwo makasitomala.

Kabuku ka malangizo ndidakaika pambali, chifukwa munthu amene adakhala kalaliki zaka makumi atatu salangizidwa ndi zithunzi. Tsiku loyamba ndidamanga kamphika chadodolido. Lachiwiri ndidamasula zonse. Ndipo lachitatu, ndikuyesa kulowetsa kabawuti kochepa ngati njere ya mapira m'kabowo kamene maso anga sadakaone chiyambire, kadandipulumuka m'zala, kadadumpha pa simenti kawiri, ndipo thadzi la mayi a kunyumba, limene lidakhala likundiyang'anira ntchito kuyambira m'mawa, lidakameza ine ndikuona, nkundiyang'ana ndi diso limodzi monga wofunsa ngati katsalako kena.

Apa ndidakumbukira, ndi manyazi, za makolo athu aja amene m'chaka cha 1875 adasenza pamutu sitima ya nthunzi ya Ilala, ili zidutswazidutswa, kulambalala mathithi a Shire, mtunda wa masiku angapo m'dzuwa ndi m'miyala, kufikira idalumikizidwanso kumtunda nkulowa m'nyanja mwezi wa Okutobala. Ndipo adalemba za ulendowo amachitira umboni kuti katunduyo adafika wathunthu. Amuna mazanamazana, opanda nsapato, sadataye kanthu m'thengo. Ine, wovala mandala, ndidataya chuma cha kampani pakati pa tebulo ndi mkeka. Ndidapempha kuti thadzilo liphedwe pofuna kupulumutsa chitukuko, koma makasitomala adakana, nati: "Abambo, nkhukuyo imaikira mazira, injini yanuyo yaikirapo chiyani?" Motero madzulo ake, titakhala mumdima, ndidaimirira ndi kuwerenga chidziwitso choyamba cha kampani, chakuti ntchito yachedwa chifukwa cha kuonongedwa kwa zipangizo ndi anthu ena osakonda dziko lawo, kuti nkhaniyi ili m'manja mwa oyenera, ndi kuti tikupepesa chifukwa cha zovuta zimene zingakhalepo. Ndidadabwa kuona m'mene mawuwo adatulukira mofewa m'kamwa mwanga, ngati ndidabadwa nawo.

Kabawuti kena kadapezeka kwa wokonza mawotchi kumsika, ndipo Loweruka lotsatira injiniyo idaima yathunthu pa thabwa lake, ikunyezimira ngati mkwatibwi. Tsono kayendedwe kake nkosavuta kukafotokoza, makamaka kwa ine amene ndidachita kufotokozeredwa ndi mwana. M'kamphika muja muthiridwa madzi, pansi pake payatsidwa kanyali ka sipiriti, ndipo madzi akawira nkusanduka nthunzi afuna malo oposa akale pafupifupi ka 1,600. Posowa kothawira, nthunziyo idzera m'kapaipi kulowa m'silinda, nkukankha pisitoni, pisitoni nkuzunguza gudumu. Silindayo siikhala chilili, koma ipendekera uku ndi uku pa kamtanda kake, kotero kuti kabowo kake kakumana ndi khomo lolowera nthunzi, kenaka ndi khomo lotulukira, ndipo kasipulingi ndiko kaigwira kuti isatayane ndi makomowo. Pamwamba pa kamphika pali kavavu kamene kadzitsegukira kokha nthunzi ikachuluka, kuti kamphika kasaphulike. Chinthu chanzeru chimene ndikhulupirira kuti chikadaikidwa pa mitu ya amuna ena, mabwalo a mafumu akadachepa milandu.

Ndidaitana oyandikana nafe atatu kudzaona mwambo wotsegulira. Ndidadzaza kamphika mpaka pakamwa, pakuti sindine munthu woumira, ndidayatsa moto, ndipo tidadikira. Kamphika kadayamba kung'ung'udza. Ndidakankha gudumu ndi chala monga mwa mwambo. Ndipo taonani, m'malo mwa kuyenda, injiniyo idandilavulira madzi otentha pa mandala ndi pa tayi, nkugwedezeka kamodzi ngati nkhuku yodulidwa khosi, nkukhala chete. Alendo adayang'ana pansi mwaulemu. Ine, osataya nthawi, ndidawerenga chidziwitso chachiwiri, chakuti kampani yalephera kupereka mphamvu chifukwa cha kuchuluka kwa madzi, ndipo ndidasunga m'thumba chachitatu, chonena za kuchepa kwa madzi, podziwa kuti nyengo yake idzafika.

Pamene ndinkaperekeza alendo, mtengazida uja adatola kabuku kamene ndidakanyoza, nakhala nako pansi pa mtengo wa mango. Nditabwerera adandiuza, atagwada monga mwana woleredwa bwino, kuti: "Agogo, madzi safunika kudzaza, nthunzi isowa pokhala; kasipulingi mwamangitsa kwambiri; ndipo oyilo uja mwaika pa windo ndi wothira apa ndi apa." Safunsa adadya phula, ndipo ine ndidadya ndi njuchi zomwe. Mwanayo adachepetsa madzi, adamasula kanati pang'ono, adadontheza oyilo madontho awiri pamene silinda ikhudzana ndi makomo aja, ndi dontho limodzi pa mtanda wa gudumu; tidayatsanso; adakhudza gudumu ndi kachala kake; ndipo lidazungulira, poyamba mwaulesi, tcha, tcha, tcha, kenaka mwaliwiro mpaka zipilala zake zidaleka kuoneka, thabwa lonse likunjenjemera, kafungo ka oyilo wotentha kakudzaza khonde. Adakoka wenzulo, agalu a mudzi wonse adayankha. Ndisabise, misozi idalengeza m'maso mwanga, ngakhale m'chidziwitso cha tsikulo ndidalemba kuti vutolo lathetsedwa ndi utsogoleri wa mkulu wa kampani.

Za phindu lake ndinene mwachidule. Watt ndiye adazoloweretsa anthu kuyeza mphamvu za injini poziyerekeza ndi za akavalo. Yangayi, nditaiyeza mosakondera, ili ndi mphamvu za chiwala chimodzi chodwala malungo. Titailumikiza ku kadayinamo, idayatsa kababu kochepa ngati nyemba kwa mphindi khumi ndi ziwiri, kuwala kokwanira kuonera kuti sipiriti watha. Ndipo sipiriti wa mphindi zimenezo mtengo wake uposa wa makandulo awiri. Kampani iliyonse yodziwa ntchito ikaona zotere ikweza mtengo, choncho ndidalengeza kuti kuyambira mwezi wa mawa makasitomala azipereka zitumbuwa zitatu m'malo mwa ziwiri, ndi kuti mphamvu zizigawidwa mosinthana, Lolemba kuchipinda, Lachinayi kukhitchini. Makasitomala adayankha kuti iwo ali ndi mbaula, ndipo amene afuna nsima adziwe kumene kuli mphamvu zenizeni m'nyumba muno.

Koma pali kanthu kamene kakhala kakundisowetsa tulo. James Watt sindiye adayamba injini ya nthunzi. Thomas Newcomen adaimika yake m'chaka cha 1712 yopopera madzi mumgodi. Watt adali mmisiri wokonza zipangizo pa yunivesite ya Glasgow, ndipo adampatsa kainjini kachitsanzo ka Newcomen, kophunzitsira ana a sukulu, kuti akakonze. Pokakonzapo ndi pamene adaona kuti nthunzi yambiri ingoonongeka potenthetsa silinda imene yangozizidwa kumene, nalingalira zoti nthunziyo izikazizira m'chotengera china pambali, nzeru imene adailembetsa m'chaka cha 1769. Kanthu koseweretsa, m'manja mwa wokonza zinthu. Mdzukulu wangayo adandiuza kuti kusukulu kwawo za nthunzi adazilemba m'kope ndi kuziloweza, koma chipangizo choyenda sadachigwirepo chibadwire. Ndipo ine ndinena mosaseka tsopano, kuti ife tidazolowera kusenza makina a eni, kuwaombera m'manja pa tsiku lodula riboni, ndi kuwasiya afe. Mijigo ingati yaima m'midzi mwathu chifukwa cha kamphira kamodzi, maambulansi angati akhala pa miyala kuseri kwa zipatala udzu ukumera m'kati, pamene ana okhoza kuzikonza tikuwaphunzitsa kuloweza, ndipo wogwira sipanala timuyesa wolephera sukulu? Dontho la oyilo lilibe mwambo wotsegulira, silibwera ndi alawansi, ndipo palibe gule amene avinidwa polithira. Nchifukwa chake tilisiya pa windo monga ndidachitira ine, ndi kulemba kalaliki wodziwa kupepesa.

Chidziwitso chomaliza nachi. Kampani ya Nthunzi ya Pakhonde ikudziwitsa makasitomala ake okondedwa kuti mtengazida uja wakwezedwa kukhala injiniya wamkulu, ndipo sabata yatha adamasula ndi kudzoza makina osokera a agogo ake aakazi amene adaima zaka zinayi, mwakuti makasitomala tsopano alankhula ndi iye mwachindunji osadzera kwa ine. Mkulu wa kampani watsala ndi udindo wa uneneri wokha, pamodzi ndi kupirikitsa thadzi. Injini ili pamwamba pa kabati, yofunditsidwa nsalu, kudikira kuti penshoni ituluke tigule sipiriti. Ndime zotsirizazi ndalemba pa kandulo, pakuti anzathu a kampani ina ija azimitsanso. Wolemba zilembo akapeza mawu ena opotoka, tikupepesa chifukwa cha zovuta zimene zingakhalepo.