Mlenje wa ku South Bend

Kuno ku Indiana nyengo yosaka agwape ndi uta imatsegulidwa pa 1 Okutobala, ndipo kufikira tsiku limenelo ine ndinali munthu wolongosoka. Miyezi yonse yotentha ndinkaponya mivi kuseri kwa galaja ya mnzanga wa kuntchito, mzungu wobadwira mu South Bend momwemuno, amene anandiphunzitsa ulenjewu. Uta wanga wa compound unali utazolowerana ndi nsonga za mechanical zolemera 100 grain, zija mipeni yake imakhala yopinda muvi ukamauluka n'kudzatambasuka ukalasa nyama. Zimauluka chimodzimodzi ndi nsonga zophunzirira, choncho pamene waloza pa mayadi 20 kapena 30 m'pamene muvi ukagwere.

Okutobala anatha ndisanalase kanthu. Munthu ukakhala pa kampando ka mumtengo kuyambira mbandakucha, mamina ali chuchuchu ndi chisanu, suvomera kuti agwape akukuthawa chifukwa ukutsokomola. Umati vuto ndi zida. Ndiye m'sitolo ina ya alenje ndinamva mkulu wina akuuza anzake kuti mechanical ikagunda fupa la phewa nthawi zina imakanika kulowa, ndipo iye amadalira fixed blade basi. Sananame mkuluyo. Kungoti iye ankakamba za nyama zimene analasapo, pamene ine muvi wanga unali usanakhudzepo chamoyo chilichonse. Ndinatuluka ndi paketi ya nsonga zitatu za 125 grain, za mipeni yosapinda, ndipo poti chikwama chinali chitatseguka kale, ndinasinthitsanso chingwe cha uta.

Kusiyana kwa 25 grain sikukwana n'komwe magalamu awiri, ndiye ndinati palibe nkhani. Nkhani inalipo. Mutu ukalemera muvi umagwa msanga, komanso thunthu lake limapindika kwambiri pochoka pa uta. Mipeni yosapindayo imakola mphepo, ndipo ngati uta sunachunidwe bwino, imatengera muvi kumene yafuna. Chingwe chatsopano nachonso chimatamuka chisanakhazikike, ndiye kabowo kosuzumirapo kamene amakamangirira m'chingwemo kamatha kutembenuka. Zonsezi mlenje amazitulukira pa chandamale. Ine sindinayesereko, chifukwa nsonga zoterezi zimang'amba chandamale, zimabuntha, ndipo ndalama imene ndinalipira inali ikundiwawabe. Ndinati zikayambire pa gwape.

Kunyumba ndinali nditalalika kale. Kumayambiriro kwa Novembala agwape aamuna amakhala pambuyo pa aakazi usana ndi usiku mpaka kuiwala kuchenjera, ndipo mlenje wa uta amafuna apezeretu mwayi a mfuti asanalowe m'thengo pakati pa mweziwo. Ndinauza mayi a kunyumba kuti akonze malo mufiriji. Iwo anapitirira pamenepo, anaitana Amalawi anzathu kuti Lamlungu adzadye nsima ya nyama ya m'tchire.

Gwapeyo anabweradi, wa nyanga zoti ukhoza kukolekapo majekete a banja lonse. Anaima chopingasa pa mayadi 25, pafupi ndi mtengo umene mwini munda womwe ndinkasakamo anamangirirapo kamera yake, ija imajambula nyama ikadutsa n'kutumiza chithunzi pa foni. Anakhalitsa pamenepo akununkhiza pansi. Ndinakoka uta pang'onopang'ono monga anandiphunzitsira, koma poti ndisuzumire, kabowo kaja kanali katayang'ana kumbali. Ndinayesa kukatembenuza ndi mphuno. Ndinayesa ndi mlomo. Mikono inayamba kunjenjemera, ndipo ndinangoti Mulungu adziwa, n'kusiya.

Phokoso lake silinali la nyama. Linali phwaa, la pulasitiki. Gwape anadzutsa mchira wake woyera uja, anafwenthera kamodzi, n'kulowa m'chimanga.

Ndisanatsike n'komwe, foni inanjenjemera m'thumba. Anali mwini munda. Chithunzi cha gwape chinali chitamufika, ndipo ankafunsa mosangalala ngati abwere ndi thirakitala kudzandithandiza kunyamula. Ndinamuyankha kuti asavutike, koma andiuze mtengo wa kamera.

Muvi unali utaboola kamerayo pakati n'kukazika mumtengo. Apa ndiyenera kuchitira umboni mkulu wa m'sitolo uja, fixed blade imalowadi. Ndinaigwira ndi dzanja lopanda gulovu kuti ndiigwedeze, ndipo inandicheka chala chachikulu mpaka ndinakasokedwa kuchipatala. Namwino atafunsa kuti chachitika n'chiyani ndinati ngozi ya ku ulenje, ndipo anandiyang'ana mwaulemu, ine osawonjezerapo.

Loweruka ndinayendetsa galimoto ndi dzanja limodzi mpaka chakufupi ndi Shipshewana, kumene mlimi wina wa Chiamishi anandigulitsa mbuzi. Mayi a kunyumba anaiphika ndi adyo wambiri, osandiyankhula. Lamlungu anthu anadya, ena anapempha yowonjezera, mayi wina mpaka anati nyama ya m'tchire imadziwika ndi kafungo kake. Mtima unayamba kukhala pansi. Kenaka alamu anga, amene anakula akuweta mbuzi ku Ntcheu, anatola fupa la mwendo m'mbale, analitembenuza uku ndi uku, n'kundiyang'ana.

“Alamu, gwape ameneyu munamulasa ali pachingwe?”

Ndisanatsegule pakamwa, mayi a kunyumba anayankha ali kukhitchini: “Afunseninso za kamera.”