Baga Wakale Ankakoma Bwanji?

Munthu akayamba kumera imvi amayambanso kulira maliro a chakudya. Ku Britain kuli agogo ambiri omwe akangomva dzina la Wimpy amagwira pamtima. Malo odyera baga amenewa anafika ku London mu 1954 kuchokera ku America. Dzinalo ndi la bambo wa m'katuni ya Popeye, wokonda baga koma wokondanso kudya pangongole. Mu 1967 Wimpy inatsegula nthambi ku Durban, ku South Africa. Ndiye imvani izi: mu 2007 kampani ya ku South Africa, Famous Brands, eni ake a Steers, inagula gawo lalikulu la Wimpy ya ku Britain. Mwana kugula nyumba ya bambo ake!

Nanenso ndili ndi maliro anga. Kamalo kena kodyera baga m'tauni mwathu katagulitsidwa, ndinadandaula kwa mayi a kunyumba kuti baga wafota, tchipisi nacho chazizira. Iwo anangoti: "Bambo, kale lija amalipira ndani?" Ndinakhala chete. Amalipira anali amalume. Baga wogulidwa ndi ndalama za wina sasowa mchere, awerengi anga.