Mawotchi awiri pabwalo la ndege

Wokwera ndege akachedwa ndi mphindi zisanu, amapeza chitseko chotseka, tikiti yake yapsa. Ndege ikachedwa ndi maola asanu, amamuuza kuti adekhe mtima. Ine wosadziwa zambirine ndimangoti mwina pabwalopo pali mawotchi awiri.

Ku Ulaya kuli lamulo la 2004 lomwe khoti lawo lalikulu lidalitanthauzira kuti ndege ikafika mochedwa ndi maola atatu, kampani ipereke chipukutamisozi cha mayuro 250 mpaka 600, malinga ndi kutalika kwa ulendo. Mu 2014 majaji adachita kukhalira pansi nkhani yoti kufika n'chiyani, n'kugamula kuti ndi pamene chitseko chatsegulidwa, osati pamene matayala agunda pansi. Majaji enieni, ovala mikanjo!

Koma ndalamayo siibwera yokha. Umalemba fomu, n'kudikira yankho lomwe nalonso limachedwa, ndipo kuchedwa kumeneko kulibe chipukutamisozi. Likafika limati idalakwa ndi nyengo, kapena mbalame yomwe idalowa mu injini. Mu 2017 khotilo lidavomereza kuti za mbalame si mlandu wa kampani. Mbalameyo siidafunsidwe mbali yake.

Odandaulafe tidaitanitsa msonkhano wa 8 koloko m'mawa kuti tidzudzule khalidwe lochedwali. Tidayamba 11.