Kwa eni kudyetsa nthanga: kusaka tiyi wotsika mtengo mu London

Akuluakulu adati kwa eni kudyetsa nthanga, dzungu ukulifuna. Ankanena za mlendo amene wafika pakhomo pa eni m'mimba mukulira, maso ali pa dzungu limene likubwata pamoto, koma eni khomo n'kumubweretsera nthanga zokazinga m'kambale, iye n'kuwomba m'manja poti kwa eni sudandaula. Amene adapeka mwambiwu sadakwerepo ndege, koma ku London ukugwira ntchito tsiku lililonse, chifukwa kumeneko kuli mwambo wopereka nthanga mwaulemu wonse, pa mbale zitatu zosanjikizana, wodyayo n'kulipira mtengo wa ngolo yodzaza maungu. Mwambowo amautcha afternoon tea. Chodabwitsa n'chakuti kumeneko eni akewo nawonso amadya nthanga zomwezo, amachita kusungitsiratu malo kudakali milungu ingapo, ndipo amatuluka akumwetulira. Choncho Mmalawi wa ku Luton kapena ku Leicester amene akufuna kulawa mwambowu popanda kupinyolitsa foni asachite manyazi. Ine ndikuti wosakasaka tiyi wotsika mtengo ndiye waumvetsa mwambowu, ndipo palibe chenicheni chimene akutaya.

Nkhani yake imayambira pa njala, ngakhale inali njala ya anthu okhuta. Cha m'ma 1840, Anna Russell, mkazi wa Duke wa ku Bedford komanso mnzake wa Mfumukazi Victoria, ankavutika ndi kulira kwa m'mimba madzulo. Masiku amenewo mabanja olemera ankadya mgonero cha m'ma 8 koloko usiku, ndipo kuchokera pa nkhomaliro mpaka nthawi imeneyo dzuwa linkachedwa kulowa. Mayiyo adayamba kuitanitsa tiyi, buledi wopaka batala ndi tizidutswa ta keke kuchipinda kwake, kenako n'kumaitana anzake kuti azidzacheza. Basi, mwambo udabadwa. Cholinga chake chinali kungogwiriza pamimba podikira chakudya chenicheni. Anthu ogwira ntchito m'mafakitale analibe nthawi ya zogwirizagwiriza: iwo akaweruka ankakhala pathebulo n'kudya nyama, mazira, buledi wochindikala ndi tiyi wamphamvu, chakudya chimene chidatchedwa high tea. Apa mwambi wathu udatembenuzika, osauka ndiwo adatenga dzungu, mabwana n'kusankha nthanga mwa kufuna kwawo. Ndiye munthu amene lero akulipira ndalama zambiri poyembekezera kukhuta wasokera khomo kuyambira pachiyambi.

Taonani zimene zimabwera pa mbale zitatu zija. Pansi pamakhala masangweji otalika ndi chala, ochotsedwa khungu lonse la buledi, lomwe kwa ambiri a ife ndiye pokoma. M'kati mwake muli nkhaka yodulidwa mopyapyala kwambiri moti mukhoza kuwerenga nyuzipepala kudzera m'kagawo kake, kapena dzira losakaniza ndi mayonezi, kapena kansalu ka nsomba ya salmon. Pakati pamakhala masikono awiri ofunda, ndipo pambali pake tizibakuli ta jamu ndi kirimu wolimba wotchedwa clotted cream. Pamwamba ndi timakeke tokongola mochititsa chisoni kutiluma. Ku hotela ya Ritz, imene idatsegulidwa mu 1906 mumsewu wa Piccadilly, zimenezi amadyera m'chipinda chotchedwa Palm Court, woimba piyano ali pambali, ndipo mtengo wake umapitirira mapaundi 70 munthu mmodzi. Mwamuna salowa popanda jekete ndi tayi, ndipo jinzi ndi nsapato zothamangira n'zoletsedwa. Anthu amalowa m'magulu kasanu pa tsiku, gulu loyamba 11:30 m'mawa, lomaliza 7:30 usiku, zimene zikusonyeza kuti ku Ritz masana amatalika malinga ndi kuchuluka kwa ofuna kulipira. Mu Epulo 2025, malipiro otsikitsitsa ovomerezeka ku Britain kwa munthu wa zaka 21 kupita m'tsogolo adali mapaundi 12.21 pa ola. Mlongo wathu amene ankasamalira okalamba pa malipiro amenewo ankayenera kunyamula ndi kusambitsa anthu kwa maola pafupifupi 6, msonkho usanadulidwe, kuti akadye nkhaka yoonekera.

Nanga ndalamayo ikupita kuti? Ku tiyi sikupita, ndipo pa mfundo imeneyi Amalawi tili ndi umboni wa pakhomo. Masamba wamba a ku Thyolo ndi ku Mulanje akafika pa okushoni ku Limbe, kawirikawiri kilogalamu imodzi sifika madola awiri. Kapu imodzi imafuna magalamu awiri kapena atatu, kutanthauza kuti kilogalamu imathira makapu opitirira 300. Werengetsani nokha: masamba a m'kapu imodzi safika ngakhale senti imodzi ya ku America. Zoona, mahotela apamwamba amagula masamba osankhidwa, othyoledwa ndi kufotetsedwa mosamala, ena mwa iwo ochokera ku Satemwa ku Thyolo komweko, ndipo amenewo ndi okwera mtengo. Koma ngakhale mutachulukitsa mtengowo ka 100, simufika pa kota ya bilu. Ufa, batala ndi mazira nazonso si golide. Chimene munthu amagula kumeneko ndi denga lopakidwa zonyezimira, mpando wofewa, woperekera zakudya amene amakuitanani mwaulemu ngati ndinu nduna, ndi lendi ya nyumba imene ili pa malo okwera mtengo koposa mu London. Dzungu lenileni ndi chipindacho, ndipo chipinda sichidyedwa. Nthawi yanu ikakwana amakutsanzikani mwaulemu womwewo kuti gulu lina lilowe.

Pali anthu amene amaganiza kuti tiyi wotsika mtengo ndi wachinyengo, wongotengera wa mabwana. Mbiri ikukana. Mu 1894, zaka 12 Ritz isanatsegule zitseko, kampani ya J. Lyons idatsegula malo ake oyamba omwerapo tiyi mumsewu womwewo wa Piccadilly, ndipo patapita zaka malo otere adafalikira m'mizinda yambiri ya ku Britain. Makasitomala ake anali makalaliki, ogulitsa m'masitolo, ndiponso amayi amene nthawi imeneyo analibe malo ambiri aulemu okhalapo okha popanda mwamuna wowaperekeza. Kampani ya Aerated Bread Company inali itayamba kale zimenezi cha m'ma 1860. Anthu ambiri a ku London adaphunzirira kumwa tiyi wa masana m'malo oterewa, pa mtengo wa munthu wamba. Ndipo kampani ya Lyons yomweyo, m'zaka za m'ma 1920, idakhala mwini wa esiteti ya Lujeri ku Mulanje. Agogo athu ankathyola masamba m'mphepete mwa phiri kuti kalaliki wa ku London amwe motchipa. Mdzukulu wawo akafika ku London n'kufunsa komwe kuli tiyi wotsika mtengo, ndani angamunene kuti sadziwa mwambo? Mwina funso loti eni ndani n'lofunika kulifunsanso.

Malo a Lyons adatsekedwa kalekale, koma mzimu wake udasamukira kwina, makamaka m'nyumba zosungiramo zinthu zakale, zimene zambiri kulowa kwake n'kwaulere. Ku Victoria and Albert Museum ku South Kensington kuli zipinda zitatu zodyeramo za m'zaka za m'ma 1860, zotchedwa Gamble, Poynter ndi Morris, zokhala ndi matailosi opakidwa utoto, mawindo a magalasi amitundumitundu ndi zipilala zonyezimira. Mumanyamula thireyi nokha, mumalipira pa kauntala, kenako mumasaka mpando pakati pa ana asukulu ndi alendo otopa miyendo, koma denga limene lili pamwamba panu silichita manyazi pamaso pa hotela iliyonse. Ku Wallace Collection, pafupi ndi Oxford Street, amamwera m'bwalo lofoleredwa ndi magalasi. Pa Trafalgar Square, pansi pa tchalitchi cha St Martin-in-the-Fields, pali malo odyera m'chipinda chimene kale chinali manda, ndipo mipando imakhala pamwamba pa miyala yolembedwa mayina a omwalira. Kwathu odyera kumanda ndi adzukulu okha, koma Mngelezi amapaka jamu pa sikono phazi lili pa dzina la malemu, osaphethira n'komwe.

Chinsinsi chachikulu m'malo onsewa ndi kuitanitsa cream tea m'malo mwa mbale zitatu zija. Ameneyu ndi poto wa tiyi, sikono limodzi kapena awiri, jamu ndi kirimu, ndipo mtengo wake umazungulira pa mapaundi 10. Ndiye mtima wa mwambo wonse, zinazo ndi operekeza. Kirimu wake si wamasewera: wa ku Cornwall lamulo limafuna kuti mafuta ake asachepere magawo 55 pa 100 alionse, ndiye munthu akamaliza masikono awiri amayenda pang'onopang'ono. Mudzapezanso kuti eni ake sadamvanebe kadyedwe kake. A ku Devon amayamba kupaka kirimu kenako jamu pamwamba, a ku Cornwall amayamba jamu, ndipo mlanduwu sudagamulidwe mpaka lero ngakhale zonse zimakakumana m'mimba imodzi. Mlendo apake mmene wafunira, mbali imodzi imuikira kumbuyo basi. Wofuna mbale zitatu zonse apite pakati pa sabata, ayang'ane pa intaneti mahotela apakatikati amene amatsitsa mtengo kwa anthu awiri, makamaka mu Ogasiti pamene kumakhala sabata yokumbukira mwambowu, ndipo akafunsidwa za shampeni apukuse mutu molimba mtima. Awerengenso tizilembo ta pansi pa menyu, poti malo ambiri amawonjezera 12.5 peresenti ya operekera zakudya, ndipo imeneyi imaonekera pa bilu pokhapokha mutakhuta kale.

Wina anena kuti ndikuwerengera zinthu zosawerengeka. Mwana wamaliza digiri, mayi ake abwera kuchokera ku Zomba atasoketsa chovala chapadera, kodi muwatengere kokanyamula thireyi? Mfundo imeneyi ndi yolemera ndipo sindiikana. Pali masiku amene munthu amafuna kulemekezedwa, ndipo kulipira ulemu si tchimo. Mayi amene adagulitsa mandasi zaka zambiri kuti mwana aphunzire ali ndi ufulu wokhala pa mpando wofewa wina akuwathirira tiyi. Koma wolipirayo adziwe chimene akugula, ndipo awadyetseretu mayiwo asanachoke kunyumba. Apo ayi, adzakhala chete nthawi yonseyo, adzayamikira maluwa, adzajambulitsa, kenako m'sitima pobwerera adzafunsa motsitsa mawu kuti, "Kodi chakudya chija chimabwera nthawi yanji?" Ndipo tsiku lotere limabwera kamodzi pa zaka zingapo. Chimene ndikutsutsa ndi maganizo akuti amene wamwera tiyi ku museum wangolawa chithunzithunzi, pamene wa ku hotela ndiye walawa chenicheni.

Wina anena kuti chotchipa chimadula, ndipo nayenso ali ndi umboni. M'misewu yodzaza alendo muli malo amene amakupatsani sikono louma la dzana, kirimu wopopera kuchokera m'chitini, ndi kathumba ka tiyi koviikidwa m'madzi ofunda, n'kulipiritsa ngati zenizeni. Zimenezo zilipodi. Koma mankhwala ake ndi maso, osati chikwama. Sikono labwino limang'ambika ndi manja pakati popanda mpeni, kirimu weniweni amaima pa supuni osayenderera ndipo amakhala ndi kakhungu kachikasu pamwamba, tiyi amabwera m'poto wotentha pamodzi ndi mkaka wozizira m'kajagi. Zonsezi zimaoneka pathebulo la mnzanu musanakhale pansi, ndipo kusuzumira mbale za eni musanaitanitse sikulipiritsidwa. Palinso amene amati mahotela akuluakulu amawonjezera masangweji kwaulere mukamaliza, choncho wanjala akhoza kubweza ndalama yake. Ayesere. Kuti nkhaka ndi buledi zikwane mapaundi 70, munthu ayenera kudya mpaka woimba piyano kusiya kuimba n'kuyamba kumuyang'ana, ndipo tayi ija idzakhala itayamba kale kumukanyanga pakhosi.

Otsutsa omaliza ndi aja osamala ndalama kuposa ine, amene amati ngati nkhani ndi sikono ndi tiyi, bwanji osangogula masikono ndi kabakuli ka kirimu m'supamaketi, n'kuphika Chombe amene adabwera m'sutikesi kuchokera kumudzi? Pa masamu apambana, palibe angatsutse. Koma mwambowu mbali yake ina ndi kutuluka m'nyumba, kukhala pamalo pamene palibe makina ochapira akulira, palibe mbale zokudikirani kutsuka, ndipo kwa ola limodzi wina ndiye akutumikira inu. Chimenecho chimafuna kulipira kangachepe, ndipo mapaundi 10 akukwanira. Komanso aliyense amene adayesapo kuitana Amalawi anzake kunyumba kuti adzamwe tiyi wa masana akudziwa mmene zimathera. Oitanidwa 3 koloko amafika 5 koloko, aliyense atatenga mnzake, masikono amatha madzi asanawire, ndipo pofika 7 koloko mayi wina wamanga kale chitenje m'khitchini akufunsa komwe mumasunga ufa.