Buku la ndalama za pakhomo: tsamba la magaita

Glasgow, Januwale mpaka Febuluwale

Zomwe sitinagule

Magaita awiri, £25. Ndi nsalu zosalowa madzi zokulunga mwendo kuyambira pa jombo mpaka m'munsi mwa bondo, lamba wake n'kudutsa kunsi kwa nsapato. Ntchito yake n'kutseka pakamwa pa jombo kuti chipale chisalowe. Bambo a kunyumba anawatembenuza kawiri m'sitolo, anaona mtengo, n'kuwabwezera. Anati munthu amene anakwera Sapitwa, mamita 3,002, atavala masilipasi, sangagulire Ben Lomond zovala, poti phiri la mamita 974 ndi chulu. Tapulumutsa £25.

Loweruka loyamba, Ben Lomond

Petulo wopita ku Rowardennan ndi kubwerera: sindiwerengera, akanapitabe.

Kumunsi njira inali yopondedwa kale. Kumtunda, komwe mphepo inaunjika chipale, mwendo unkalowa mpaka m'katumba. Chipale chinalowera pamwamba pa jombo, chinasungunuka ndi kutentha kwa phazi, masokosi n'kunyowa. Jombozo n'zosalowa madzi, ndipo taphunzira kuti sizitulutsanso madzi. Bambo anatsika phirilo atavala zidebe ziwiri.

Pulasitala wa matuza atatu, awiri ku zidendene, limodzi pachala chachikulu: £4.

Nyuzipepala yofwinya m'jombo kuti imwe madzi, nkhani zake palibe anaziwerenga: £2.

Hita usiku wonse, poti nyuzipepala akuti inkachedwa: £6.

Kumatitsa soli ya jombo yakumanzere, yomwe inamatuka chifukwa cha hita yemweyo: £18.

Lolemba osapita kuntchito, phazi litakana nsapato: £85.

Mawu oti "ndinanena ine": sindinawatchule, £0.

Kufufuza

Foni ya pa WhatsApp kwa alamu anga ku Mulanje, kufunsa za Sapitwa ndi masilipasi aja: £0. Masilipasi alamu akuwakumbukira bwino, anali obiriwira. Akuti ulendowo unathera ku Likhubula, pa Dziwe la Nkhalamba, komwe gulu lonse linasamba, kudya mbatata n'kubwerera. Ndalemba monga ndamvera.

Loweruka lachitatu, phiri lomwelo

Majumbo awiri, 10p lililonse, mtengo wa boma kuno ku Scotland kuyambira 2021: £0.20.

Tepi womangira majumbowo m'miyendo: £1.

Bambo anati: "Mayi, nzeru sagula m'sitolo." Jumbo lakumanja linang'ambika pa mwala woyamba. Lakumanzere linapirira, koma linasunga thukuta lonse, moti phazi linanyowa ndi madzi ochokera kwa mwini wake.

Masokosi aubweya atsopano, akalewo atafupika pa hita mpaka kukwana mwana wathu wa zaka 6: £12.

Kuwonkhetsa

Ndalama zotuluka populumutsa £25: £128.20.

Zomwe tinagula

Magaita awiri, sitolo yomweyo, shelefu yomweyo: £25. Wogulitsa sanafunse kanthu.

Tsiku loyamba anawavala mosinthanitsa, zitsulo zomangira lamba zili mkati, n'kumakolana poyenda. Kugwa kamodzi, pofewa: £0. Zitsulozo zimayang'ana kunja kwa phazi, ndipo kangowe kakutsogolo kamakola chingwe cha jombo. Zinalembedwa pa kapepala komwe anataya.

Chiyambireni maulendo atatu, masokosi abwera ouma katatu. Miyendo ya buluku yasiya kubwera ndi matope, sopo akukhalitsa.

Zomwe magaita sanachite, kuti bukuli lisakondere

Sanafunditse zala za kuphazi, imeneyo ndi ntchito ya masokosi ndi jombo. Saletsa kuterereka pa madzi oundana. Salitalikitsa tsiku: m'Januwale kuno dzuwa limalowa cha m'ma 4 koloko, kaya mwavala chiyani. Pa njira yopondedwa, chipale chosafika m'kakolo, amangotenthetsa miyendo, ndipo bambo amawanyamula m'chikwama ngati kamba.

Zonse pamodzi

£153.20, pa katundu wa £25.

Ndalama yotumiza kumudzi mwezi uno yachepa ndi £50. Apongozi ndawauza kuti kuno kwazizira kwambiri chaka chino, zomwe n'zoona.

Wopita kokwera phiri komwe chipale chimapitirira kakolo agule magaita asananyamuke. Woyenda m'misewu ya m'tauni asunge ndalama yake. Tsambali ndatseka. Bambo ayamba kunena kuti zitsulo za mano zomanga kunsi kwa jombo n'zodula, ndiye ndatsegula lina.