Njira Yachidule Yokulitsira Vuto la Maloko a Galimoto

Tsiku lina m'mawa mudzadina limoti, galimoto n'kungokhala duu. Nyali osaphethira, maloko osalira. Musade nkhawa. Vutoli nthawi zambiri limakhala laling'ono, koma mukatsatira bwino malangizo awa likhoza kukula mpaka kumeza malipiro a mwezi wonse.

Poyamba, musaganizeko za batire ya limoti. Kabatire kameneka n'kozungulira ngati khobidi, mphamvu yake ndi mavoti 3, ndipo malimoti ambiri amalowa ka CR2032 kapena kena kofanana nako. Nambala yake imalembedwa pamsana pake pomwepo. Kukasintha ndi ntchito ya mphindi ziwiri, n'chifukwa chake munthu wolemekezeka ngati inu simuyenera kuyambira pamenepo. Dinani limoti ndi zala zonse ziwiri. Ikakana, imenyeni pachikhatho, kenako pakhoma. Ngati kunyumba kuli limoti yachiwiri, isiyeni m'kabati. Imeneyo ikhoza kukuuzani msanga ngati vuto lili m'manja mwanu kapena m'galimoto, n'kukulandani mwayi wovutika.

Chachiwiri, musawerenge zitseko. Galimoto imaloza yokha pomwe pakupweteka. Zitseko zonse zikakana pamodzi, nkhani imakhala pa chinthu chomwe zonse zimadalira: fyuzi, relay, swichi ya pachitseko cha dalaivala kapena kakompyuta koyendetsa maloko. Chikakana chitseko chimodzi, vuto lili m'chitseko chomwecho, pa mawaya ake kapena pa actuator, kamota komwe kamakankha ndi kukoka loko. Swichi ya mkati ikamatseka bwinobwino koma limoti ayi, yang'anani limotiyo. Koma kuganiza motere ndi kwa anthu ofuna kumaliza msanga. Inu pitani kwa ogulitsa masipeya mukagule ma actuator anayi, ochotsedwa m'galimoto yakufa, osayesedwa, osabweza.

Mukabwerako, fikani pa mafyuzi. Ngati galimoto yanu ndi Sienta, Vitz kapena Freed yochokera ku Japan, buku lake mwina lili m'Chijapani. Zimenezo zikuthandizani, poti simuyesedwa n'komwe kuliwerenga. Chithunzi chomwe chili kuseri kwa chivundikiro cha bokosi la mafyuzi musachiyang'anenso. Zulani onse nthawi imodzi, muwathire m'chipewa, kenako muwabwezere monga mtima ukukuuzirani. Opanga anawapaka mitundu kuti asonyeze mphamvu: wofiira ndi 10, wabuluu 15, wachikasu 20, wobiriwira 30. Inu muziona ngati zokongoletsa chabe. Mukapeza wakupsa, musafunse chomwe chamupsereza. Fyuzi amafa dala kuti waya asatenthe, ndiye pamene panali wa 20 ikanipo wa 30. Akapsanso, pindani kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya kapena kawaya ka kopa, mutsekepo. Kameneka sikadzapsa. Adzapsa ndi mawaya a kuseri kwa dashibodi, ndipo fungo la pulasitiki likakufikani pamphuno mudzadziwa kuti magetsi akuyenda.

Tsopano tsegulani chitseko chenichenicho. Chikuto cha mkati chimagwidwa ndi masikulu ochepa obisika pa chogwirira, ndi timano ta pulasitiki m'mbali monse. Masikuluwo musawafufuze. Lowetsani mpeni wa kukhitchini pansi, mukoke ngati mukuzula chinangwa. Kulira kulikonse kwa "thyo!" ndi kamano kamodzi katha, ndipo kuyambira lero chitsekocho chizikuimbirani pa msewu uliwonse wa fumbi. Mkatimo mupeza pepala la pulasitiki lomatidwa ndi phula lakuda. Ntchito yake n'kutchinga madzi otsika ndi galasi kuti asafike pa swichi ndi chikuto. Ling'ambeni mulitaye. Mvula ya Januwale idzakukumbutsani.

Pali malo amodzi omwe muyenera kuwapewa ngati manda: kachubu ka labala kopindikapindika kamene kali pakati pa chitseko ndi thupi la galimoto, pafupi ndi mahinjesi. Mawaya onse a m'chitseko amadutsa mmenemo, ndipo amapindika nthawi iliyonse mukatsegula ndi kutseka. Chitseko cha dalaivala, chomwe sichipuma, ndicho chimayamba kuthyola ake. Munthu akasenda labalayo amapeza kawaya kong'aluka khungu, kopa ali poyera, tiulusi tiwiri tokha tikugwirana. Akadina swichi uku akugwedeza chitseko, loko imagwira n'kusiya, imagwira n'kusiya. Pamenepo mlandu watha. Inu musasende. Mita yoyezera magetsi musabwerekenso kwa neba. Safunsa anadya phula, koma anadya ndi ulemu wake.

Ntchito yonseyi muziigwira zitseko zili pululu, nyali ya mkati ikuyaka ndiponso wailesi ikuimba, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Batire ya galimoto, yomwe ikadzaza imakhala pa mavoti 12.6, itsike bwino. Maloko azikoka mwaulesi, inu muganize kuti mwapeza matenda atsopano.

Poyesa zomwe mwakonza, kwezani magalasi onse, siyani kiyi pampando, tulukani, mutseke chitseko. Loko yomwe yakana sabata yathunthu imasankha mphindi yomweyo kuti igwire. Posakhalitsa mudzazunguliridwa ndi akatswiri a m'dera lanu, aliyense ndi waya wa hang'ala, ndipo labala ya pawindo ndi penti zidzalipira msonkho wake.

Ngati chitseko cha kumbuyo chikutseguka kunja koma mkati ayi, musayang'ane m'mphepete mwake. Pamenepo pali kandodo kakang'ono koletsa ana kutsegula galimoto ikuyenda, ndipo otsuka galimoto amakagunda ndi nsanza osadziwa. Kukabweza n'chala chimodzi. Inu phwasulani chitsekocho ngati chinzake chija.

Pomaliza, galimoto ikakokedwa kupita ku galaja, makaniko adzakufunsani kuti, "Bwana, alipo anagwirako?" Yankhani mosaphethira kuti, "Ayi, yangoyamba yokha." Asakesake masiku atatu, ndipo masiku atatuwo mudzawalipira ndinu. Akamaliza kulumikiza mawaya opsa, kubwezera fyuzi aliyense pamalo pake ndi kumata zikuto, adzakupemphani limoti. Adzaitsegula ndi kasikuludilaiva, n'kuikamo kabatire katsopano, n'kudina kamodzi. Zitseko zonse zinayi zidzayankha pamodzi. Kabatire kakaleko musakataye, kasungeni bwino: palibe chinthu china chaching'ono chomwe chinakudyeranipo ndalama zambiri chotere.