Siginecha yanga inakana kulowa mu DNS

Ku ofesi kwathu amanditcha katswiri wa makompyuta. Udindowu ndinaupeza tsiku lina pulinta itakana kusindikiza, ine n'kuona kuti pulagi yazuka pakhoma. Ndinaibwezera, anthu anaomba m'manja, ndipo chiyambire pamenepo ulemu sindinaukanepo.

Ndiye mwezi watha abwana anandiitana. Akuti makotesheni athu a simenti ndi malata akumagwera mu spam, limodzi ndi makalata aja okuuza kuti wapambana mamiliyoni pa mpikisano womwe sunalowe n'komwe.

"Akuti maimelo athu alibe siginecha," anatero abwana. "Akatswiri, tatikonzerani."

Ndinati zazing'ono izo, bwana. Ndinatenga bolopeni, n'kusaina papepala siginecha yanga ija ya mchira wautali, n'kuijambula ndi foni. Kenako ndinatsegula DNS ya domain yathu kufunafuna poika chithunzicho. Ola lathunthu linatha, thukuta lili kamukamu, malo ake osaoneka.

Madzulo ndinafunsa muphwa wanga, koma mokhala ngati ndikumuyesa nzeru. Anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Amalume, si siginecha ya bolopeni ayi. Kuyambira mu February 2024, Gmail ndi Yahoo anakhwimitsa malamulo. Kalata yosadziwika kwawo saikhulupirira."

Anandifotokozera ngati mwana wa sitandade 1. DNS akuti ili ngati kaundula wa amfumu. Mumalembamo zinthu zitatu. SPF ndi mndandanda wa amithenga ololedwa kunyamula makalata m'dzina lanu. DKIM ndi chidindo: seva yanu imadinda kalata ndi kiyi wachinsinsi, wolandira n'kutsimikiza chidindocho ndi kiyi wina amene mwamuika poyera mu DNS. DMARC ndi malangizo kwa mlonda wa pageti: kalata ikalephera mayeso ailowetse, aiike pambali, kapena aibweze.

"Zonsezo ndimazidziwa kale," ndinatero. "Ndimangofuna ndione ngati fizi ya mlongo wanga ikugwira ntchito."

M'mawa ndinayamba ndi SPF. Ndinapeza mzere woyamba ndi v=spf1 ulipo kale, ine n'kuwonjezera wina. Ndimati geti la maloko awiri ndiye lolimba. Kumeneko lamulo lake ndi mzere umodzi basi, ikakhala iwiri yonse imakanidwa.

Kiyi wa DKIM, wa 2048-bit, anabwera ngati mphaka wayenda pa kiyibodi: zilembo pafupifupi 400 zopanda mutu. Ine zokopera ndinasiyira ana asukulu. Ndinavala magalasi n'kumulemba ndekha ndi chala chimodzi. Pomwe panali 0 ndinaika O, pomwe panali l ndinaika 1, ndipo pena ndinakonzako sipelo.

Pa DMARC muphwa anati ndiyambe ndi p=none, mlonda azingoyang'ana n'kumapereka lipoti. Ine ndinaona kuti amenewo ndi mantha a ana a masiku ano. Ndinalemba p=reject, n'kupita kukadya nsima ya masana ndi mtima woyera.

Abale anga, vuto la spam linatheratu. Makalata athu anasiya kugwera mu spam chifukwa anasiya kufika kumene. Mlonda amene ndinamulemba ndekha ntchito ankatibweza pageti tonse, kuyambira wa maakaunti mpaka abwana, amene kalata yawo yopita kwa mayi a kunyumba inabwerera ili yotentha.

"Bwana, zosintha za mu DNS zimatha kutenga maola 48," ndinatero. Chiganizo chimenechi chokha ndiye ndinachigwira bwino, ndipo chinandigulira masiku awiri a mtendere.

Tsiku lachitatu ndinamulowetsa muphwa mu ofesi nthawi ya nkhomaliro. Anafufuta mzere umodzi wa SPF, kumata kiyi weniweni, kubweza p=none. Tiyi wanga asanazizire anali atamaliza. Chakumadzulo tinatumiza kalata ku Gmail, kudina Show original, n'kuona PASS katatu. Chibadwire sindinaonepo PASS atatu pa pepala limodzi lokhudza ine.

Abwana anandigwira chanza pamaso pa onse. Ndinalandira modzichepetsa. Muphwa ndinamugulira tchipisi ndi bando ya intaneti kuti atseke pakamwa.

Inu akatswiri anzanga amene munapeza udindo pobwezera pulagi, mverani: SPF ikhale imodzi, kiyi muzikopera, ndipo mlonda musamupatse chibonga tsiku loyamba. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ine ndinafunsa, koma phulalo ndinadyabe.